Tsiku Limene Adadi Anaberekedwa

Adadi anga amaweta nkhunda, ndipo kunena mosapsatira, nkhunda zimenezo amazikonda kuposa anthu. Mlendo akafika pakhomo amangomugwedezera mutu, koma nkhunda imodzi ikangozyolika, tsiku limenelo m'nyumba simusekedwa. Ndiye chibwenzi changa, amene Adadi safuna n'komwe kumutchula dzina, amangoti "Wamafiriji uja" poti amakonza mafiriji, anaganiza zowalowera kudzera ku mbalame.

"Kupaki ya kunyanja yamchere kuli kachilumba ka mbalame," anandilembera pafoni. "Zina zazikulu ngati mbuzi. Tiwatengereko madala. Mwina akasangalala adzandiyang'anako kumaso."

"Ngati mbuzi? Bodza limenelo ukawauze wekha."

"Chabwino, ngati kamwana ka mbuzi. Koma ndili ndi mantha, wamva? Manja ali thukuta lokhalokha ndikulemba pano."

Mantha amenewo ndinali nawo inenso. Akulu anga onse anakwatiwa kutali, ndipo chimwalirireni Amayi pakhomo tinatsala awiri, ine ndi Adadi. Kukwatiwa iwo asanavomere sindingathe, ngakhale munthuyo ndimukonde chotani. Nditawauza za ulendowo anapitiriza kuwazira nkhunda zawo chakudya.

"Chabwino, Mzime," anatero. Amanditchula choncho poti ndine womaliza kubadwa. "Ndikamuona mnyamata wakoyo tsiku lonse. Tikamabwerako ndidzakuuza mawu anga, ndipo ukudziwa kuti mawu anga sindibweza. Koma galimoto ikhale ya mwana wa mnzanga uja."

Mwana wa mnzawoyo ndi Wakubanki, amene Adadi anandisankhira mumtima mwawo kalekale. 

*

M'galimoto ya Wakubanki munkanunkhira perefyumu mpaka mutu kuwawa. Adadi anakhala kutsogolo, ndodo yawo ili pakati pa miyendo chifukwa bondo lakumanzere limawavuta. Ine ndi Wamafiriji tinakhala kumbuyo, ndipo pakati pathu Adadi anaikapo okha bokosi la zakumwa ngati mpanda.

"Achimwene," anatero Wakubanki akumuyang'ana pagalasi, "firiji ya ku ofesi kwathu ikulira ngati galu wanjala. Mudzabwere ndi zida zanu. Ndidzawauza alonda akulowetseni chipata cha kumbuyo."

"Ndidzabwera," anayankha Wamafiriji mofatsa.

Adadi anaseka ndi mphuno. Ine ndinamutsina wangayo kuseri kwa bokosi kuti ayankheko zamphamvu, koma iye anangondigwira chala n'kuchisiya msanga ngati chili ndi moto. Kufatsa kwa munthu ameneyu n'komwe kunandikopa, komanso n'komwe kudzandiphe tsiku lina.

*

Pachipata cha paki tinalandiridwa ndi mlonda wamkazi wovala yunifolomu yobiriwira. Anatiuza kuti apusi tisawapatse chakudya, akamba a m'nyanja tisawagwire, kenaka analoza kachilumba ka miyala komwe kanali mbee ndi mbalame.

"Panopa nyanja yaphwa, ndiye mukhoza kuyenda pamchenga mpaka kukafika, motsata mizati mukuionayo. Koma nyanja inoyi imabwerera. Mukangomva belu, siyani chilichonse, bwererani."

"Imabwerera kuchokera kuti?" anafunsa Adadi. "Mwana wanga, ine ndayendetsa basi mpaka imvi mbuu. Ndawoloka mitsinje yoti iwe sunaionepo. Madzi amadzaza mvula ikagwa. Tayang'ana kumwambaku, kuli mtambo?"

"Uno si mtsinje, agogo."

Mawu oti agogowo ndi amene anawononga zinthu. Adadi anakweza chibwano n'kudutsa, ndodo ikugunda pansi ngati yalakwa ndi iyo.

Malowo ndi okongola, sindinganame. Ine nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo. Ndinalawa madziwo ndi chala n'kulavula, Wamafiriji n'kufa nazo ndi kuseka. Ana ankathamangitsa tinkhanu toyera tomwe tinkawathawira m'maenje, azimayi ankakuwa funde likawanyowetsa madiresi. Pusi wina anatsomphola nthochi m'manja mwa Wakubanki, mwamuna wamkulu n'kukuwa ngati walumidwa. Zowolokera kuchilumba anakana. "Nsapato izi si za m'matope," anatero.

Pamene Wamafiriji ankayesa kuwathandiza Adadi kupinda buluku, iwo n'kumamukankha dzanja, Wakubanki anandiyandikira.

"Ukudzivutitsiranji, Mzime? Madala anawauza kale bambo anga kuti ulendo uno ndi wongomutsanzika mnyamatayu mwaulemu. Kuti usadzati sanamupatse mpata."

"Mukunama."

"Kawafunse. Ine ndili pansi pa ambulera apo, sindithamanga. Chako ndi chako, ngakhale chizungulire kutali."

Anachoka akuimba likhweru. Adadi ndimawadziwa, zimenezo akhoza kuchita. Wamafiriji sindinamuuze. Ndinangomunong'oneza kuti, "Lero usalakwitse kanthu, ngakhale kamodzi."

*

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija, mchenga wonyowa ukufinyika pansi pa mapazi. Titafika, Adadi anasanduka munthu wina. Mbalame zinali mbwee, zina zoyera za milomo yaitali, zina zakuda zitatambasula mapiko padzuwa ngati zovala zoyanika. Ina inakwera m'mwamba, inapinda mapiko, n'kudzigwetsa m'madzi chamutu, chubwi! Povuuka inali ndi nsomba kukamwa.

"Taona! Taona iyo!" anakuwa Adadi, ndipo dzanja lawo linagwira mkono wa Wamafiriji. Anamugwira ndithu, osazindikira. "Nkhunda singachite zimenezo. Waona m'mene yapindira mapiko?"

"Ndaona, bambo."

"Iwe unawetapo mbalame?"

"Nkhuku zokha, bambo. Zinatha ndi chitopa."

"Unkazimwetsa chiyani?"

"Ndinkangozipempherera, bambo."

Adadi anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, komwe ndinakumva komaliza Amayi ali moyo. Ine misozi inalengeza. Mumtima ndinati Wakubanki akhaula, zinthu zikutheka apa.

Ndiye belu linalira.

Anthu ena onse anayamba kutola ana ndi zikwama. Wamafiriji anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "belu lija..."

"Ndalimva, sindine gonthi. Pali ina ikufungatira mazira kuseri kwa mwalawu, ndikufuna ndiione ikadzuka. Kapena ukuopa madzi, mnyamata?"

"Ayi, bambo."

Ndinamukokera pambali. "Uwauzenso! Pakamwa pako mpa chiyani?"

"Si wati ndisalakwitse kanthu?" ananong'ona. "Lero ndi koyamba kundigwira mkono. Ndikawakakamiza aziti ndine wamantha, apo ayi wamwano. Auze ndiwe, ndi bambo ako."

Ndinayesa. "Adadi, tiyeni, anthu onse apita."

"Anthu onsewo ndi abale ako? Apite. Mzime, chimwalirireni mayi ako sindinaonepo chinthu chokoma ngati ichi. Undilande?"

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani? Tinakhala, anthu akuluakulu ndi nzeru zathu, kudikira mbalame kuti idzuke pamazira, aliyense akuopa kukhumudwitsa nkhalamba imodzi. Mbalameyo sinadzuke n'komwe.

*

Pamene Adadi ankati tiyeni tsopano, njira yamchenga ija inali itaphimbidwa kale. Madzi anali ofika m'akakolo chabe, ofunda, osaopsa. Kutsala pachilumba sikukanatheka, chifukwa mwala womwe tinakhalapo unali utayamba kumenyedwa ndi mafunde, ndipo kumtunda kwake kuli mwala woongoka ngati khoma, woti mbalame zokha ndi zomwe zimafikako.

"Mwaona? Timadzi totsukira mapazi," anatero Adadi.

Titadutsa mizati ingapo, madzi anafika m'mawondo. Chomwe chinandiopsa kwambiri n'choti ankachokera mbali zonse, kumanja ndi kumanzere, n'kumadzakumana pa ife. Mchenga unkathawa pansi pa zidendene ngati wina akuukoka. Nditacheuka, komwe tinachokera kunali nyanja yokhayokha. Kutsogolo anthu pagombe ankaoneka ang'onoang'ono, akutikodola ndi manja, ndipo wezulo ya mlonda inkamveka mwa apo ndi apo chifukwa cha mphepo.

Ndinamuimbira foni Wakubanki.

"Ndikukuonani," anatero. "Mwachedweranji? Mlonda akuti boti lili mbali ina ya paki, lichedwa. Akuti musasiyane ndi mizati. Kodi wakoyo belu sanalimve?"

"Bwerani mudzatithandize!"

"Ine ndibwere ndidzatani? Tingochulukitsa maliro."

Ndinadula ndisanamutukwane.

Funde lina linatimenya m'chiuno. Ndodo ya Adadi inapulumuka m'manja, inayandama, inazungulira, basi yapita. Iwo anatsala atakumbatira mzati, ndipo ndinawayang'ana kumaso. Milomo inali itatuwa, maso atatong'oka. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akuopa chinthu.

"Bondo lakana," anatero ndi mawu aang'ono.

Wamafiriji anawafulatira n'kunyonyomala m'madzimo. "Bambo, kwerani kumsana."

"Wati chiyani?"

"Ndikuberekeni, bambo. Chonde."

"Ine? Kuberekedwa ndi iwe ngati khanda, anthu onse aja akuona? Bola ndifere pompano!"

"Adadi, chonde!" ndinalira. "Mukufuna nditsale ndekha?"

"Khala chete iwe! Ndiyenda ndekha."

Anasiya mzati. Sanapite patali. Funde linawakankha pachifuwa ndipo anamira, chipewa chokha n'kutsala pamwamba. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Wamafiriji anadzigwetsera pomwepo, anapapasa, anavuuka wopanda kanthu, anamiranso. Ine ndinangoima nditagwira mzati, ndikuitana Adadi, kuitana Amayi, kuitana Mulungu, onse pamodzi. Kenaka anatulukira atawagwira kolala ya malaya. Adadi anatsokomola, anasanza madzi, n'kumukakamira m'khosi ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Mayo! Ndikufa ine!"

Wamafiriji anawatembenuzira kumsana n'kundiyang'ana, madzi akuchucha kumaso.

"Gwira lamba wanga, usasiye. Ndikuuze chinthu?"

"Chiyaninso?"

"Sinditha kusambira."

"Ukundiuza pano?"

"Ndimafuna ndikuuze m'galimoto, koma pakati pathu panali bokosi."

Ndinaseka ndikulira, mano akugundana ndi mantha.

*

Tinayenda mzati ndi mzati. Madzi anafika pachifuwa panga, ozizira tsopano, olemera. Funde likamabwera Wamafiriji ankakuwa kuti tiime, tinkalimbitsa miyendo, likadutsa n'kuyambanso. Pansi panali miyala yakuthwa ndi zigoba za nkhono. Nsapato zake zinali zitavuka kalekale, ndipo ndinkamumva akubuula akaponda. Chinthu china chachikulu chinandikhudza mwendo, ine mtima n'kuima. Anali kamba. Anatulutsa mutu pafupi nafe, anapuma, n'kumira osatilabadira.

Adadi ankalira. Pamaliro a Amayi anangogwetsa misozi mwakachetechete, koma uku kunali kulira kwa mwana, kofuula, kwa mamina. Ankaitana mayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kenaka anayamba kupempha.

"Mwana wanga, usanditaye. Usanditaye, ndagwira mwendo wako. Ndinakulakwira, undikhululukire. Mzime mtenge, ndakupatsa, ndi wako. Ungondifikitsa kumtunda, mwana wanga."

"Sindikutayani, bambo. Gwirani zolimba. Koma khosili mundisiyireko pang'ono ndizipuma."

Mawu amene ndakhala ndikuwadikira nthawi yonseyi ndinawamva madzi ali m'khosi, ndipo sanandikomere ngakhale pang'ono. Ndinkangoti, Ambuye, za ukwati zisiyeni kaye, ingotitulutsani tonse atatu.

Titatsala pang'ono, pansi panasowa. Ndinaponda pachabe, madzi anandimiza mutu, mchere m'mphuno, m'makutu muli wuuu. Lamba uja sindinamusiye. Nditavuuka ndinaona Wamafiriji atakumbatira mzati ndi dzanja limodzi, chibwano chili m'mwamba, madzi akumulowa m'kamwa, koma dzanja linalo likadali kumbuyo litagwira Adadi. Mzati wotsatira unali patali, pakati pake madzi akuthamanga ngati mtsinje wosefukira.

"Sindingathenso," anatero, akundiyang'ana. "Pepa. Miyendo yafa."

Apo ndinadziwa kuti tikufa, ndipo ndinasiya ngakhale kukuwa.

Kenaka chingwe chinagwa pakati pathu. Anali mlonda uja, atavala chovala choyandamitsa, atalowa m'madzi mpaka m'khosi, kumbuyo kwake amuna ena atagwirana mzere. "Kulungani padzanja! Agogowo musawasiye!" Anatikoka ngati matumba.

*

Pagombe anthu anatiunjirira, ena akuwomba m'manja, ena mafoni ali m'mwamba. Wamafiriji anawatsitsa Adadi pamchenga mosamala, kenaka nayenso anagwa chagada. Mapazi ake anali magazi okhaokha.

Mayi wina anaseka mokoma mtima. "Koma agogo mwalira bwanji! Mpaka kuno timamva. Mwana wanuyu mumuthokoze, wakuberekani ngati khanda."

Adadi anangoyang'ana pansi, buluku litamatirira, akunjenjemera. Wakubanki anatulukira ndi thaulo louma, nsapato zake zili mbee, n'kuwafunditsa mpaka kumutu.

"Tiyeni kugalimoto, bambo, anthu asakuonereni."

Mlonda anamutengera Wamafiriji kukanyumba ka chithandizo pafupi ndi chipata, ine pambuyo. Anamukhazika pabenchi, anaika phazi lake pamiyendo n'kumazula tizigoba ndi kachitsulo.

"Amuna otere ndi osowa, achemwali," anatero osandiyang'ana. "Mukadzamutaya mudzandiuze, ine ndidzatola."

Likanakhala tsiku lina ndikanamuyankha zoti sakanaiwala, koma munthuyo anali atangotipulumutsa kumene, ndiye ndinameza. Wamafiriji anandigwira dzanja. Ankaluma mano ndi ululu koma maso ake ankawala.

"Unamva?" ananong'ona. "Anati ndi wako. Ananditcha mwana wawo. Unamva iwe?"

"Ndinamva."

"Ndiye ukuliriranji? Zatheka! Pita ukawaone kaye madala. Uwauze kuti ndikubwera akangondimanga mabandeji."

*

Ndinawapeza atakhala kale kutsogolo, injini ikulira. Ndinawerama pawindo.

"Adadi, mukumva bwanji? Akumumanga mapazi, sachedwa."

"Lowa tizipita."

"Nanga iye?"

"Mabasi alipo."

Ndinaganiza kuti mwina madzi akadali m'makutu. "Adadi, munthu uja wakupulumutsani! Mwanena nokha m'madzi muja kuti..."

"M'madzi sindinanene kanthu."

Mawuwo anatuluka olimba. Wakubanki anayang'ana kumbali akunamizira kukonza galasi. Adadi anandikodola kuti ndiyandikire, n'kutsitsa mawu.

"Mzime, ndi munthu wabwino. Ndaona ndi maso anga, ndi wabwino kuposa uyu. Koma wandimva ndikulira. Ndamugwira mwendo, ndamuthira mamina m'khosi. Ukufuna azibwera pakhomo panga, azindigwadira n'kumati bambo, ine ndikudziwa zomwe akukumbukira? Tsiku lililonse ndikamuona ndizimiranso. Sindingathe, mwana wanga. Bola akanandisiya momwemo."

"Iye sangakusekeni, Adadi. Simukumudziwa."

"Chovuta n'chimenecho. Akanakhala wondiseka ndikanamutukwana, zikanathera pomwepo." Anapukuta m'maso ndi thaulo lija. "Mawu anga ndi amenewo. Lowa. Ukatsala pano, watsaliratu."

Mantha a m'nyanja aja anali aang'ono poyerekeza ndi awa. Wakubanki anatambasula dzanja n'kunditsegulira chitseko cha kumbuyo. Ndinachigwira n'kucheuka. Wamafiriji anali atatuluka m'kanyumba kaja, akutsimphina pamabandeji oyera, akubwera kugalimoto akumwetulira ngati mkamwini wolandiridwa kale.

"Bambo!" anakuwa ali patali. "Mundidikire, ndafika!"

"Tseka chitseko, Mzime," anatero Adadi. "Ukhale mkati kapena kunja, koma tseka."